Funsani za Nsomba Zoweta: Mabowo Pamutu pa Oscar ndi Matenda Ena

Makalata ambiri amene afika m'gawo lino mwezi uno akunena za nsomba ya mtundu wa oscar, imene anthu amaigula ili yaing'ono ngati chala cha mkombaphala, osadziwa kuti pakangotha chaka idzakhala yaikulu kuposa chikhatho cha munthu wamkulu. Kwawo kwa nsombayi ndi ku South America, m'mitsinje ya m'chigwa cha Amazon, m'maiko monga Brazil, Peru ndi Colombia, ndipo akatswiri a sayansi amaitchula kuti Astronotus ocellatus. Ili m'banja limodzi ndi chambo, mbuna ndi utaka za m'Nyanja ya Malawi, banja la cichlid, koma chibale chimenechi chisatinamize, chifukwa inazolowera madzi ofunda oyenda pang'onopang'ono, osiyana ndi a m'nyanja yathu. Ikasamalidwa bwino imatalika masentimita 30 mpaka 35, ndipo imakhala ndi moyo zaka khumi kapena kuposerapo. Imamzindikira mwini wake ndipo imabwera kugalasi ikamuona, ndiye n'zosadabwitsa kuti eni ake amalemba makalata odzaza ndi nkhawa ikadwala.

FUNSO: Ndili ndi ma oscar awiri m'thanki yagalasi yotalika masentimita 90, m'lifupi 30, msinkhu 40. Ndinawagula chaka ndi theka chapitacho, ndipo tsopano iliyonse yafika masentimita 25. Mwezi watha ndinaona timabowo pamutu pa imodzi, pamwamba pa maso, ngati kuti wina waibaya ndi singano. Timabowoto takula, ndipo nthawi zina mumatuluka zinthu zoyera. Nsombayo yachepetsa kudya, ndipo chimbudzi chake ndi choyera, chokoka ngati ulusi. Madzi ndimasintha kamodzi pamwezi, ndipo tsiku limenelo ndimatsuka zonse bwinobwino pampopi, kuphatikizapo siponji ya m'fyuluta yosefera madzi. Ndimazidyetsa chiwindi ndi mtima wa ng'ombe. Mnzanga wandiuza kuti ndithire makapisozi a amoxicillin m'madzimo. Kodi nditero? — Bambo wa ku Area 47, Lilongwe

YANKHO: Bambo, musathire makapisoziwo, ndipo zikomo polemba mwatsatanetsatane, pakuti m'kalata yanuyi muli matendawo pamodzi ndi gwero lake. Amenewa ndi matenda a mabowo a pamutu, amene oweta nsomba amawatchula kuti hole in the head, ndipo ndi amene amavutitsa ma oscar kuposa ena onse. Owerenga ena asathamangire kuganiza kuti nsomba zawo zadwala, chifukwa pamutu pa oscar iliyonse pali timabowo tachibadwa, tating'ono kwambiri, tondandalikana mofanana mbali zonse ziwiri, timene imamvera kugwedezeka kwa madzi. Timabowo ta matenda timayamba m'malo omwewo, koma timakula, timayera m'mphepete, ndipo tikanyalanyazidwa timalumikizana n'kukhala chilonda chachikulu.

Zinthu zitatu zimayendera limodzi pa matendawa, ndipo zonse zikupezeka kunyumba kwanu. Choyamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Hexamita kapena Spironucleus, timene timakhala m'matumbo a nsomba zambiri za banja limeneli popanda kuvulaza, koma timachulukana nsomba ikafooka. Chimbudzi choyera chokoka ngati ulusi komanso kukana chakudya ndi zizindikiro zimene zimaloza ku tizilombo timeneti. Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ine ndimakhulupirira kuti amene wathamangira mankhwala asanakonze madzi akungotaya ndalama zake.

Chulukitsani miyezo ya thanki yanu, 90 ndi 30 ndi 40, kenaka mugawe ndi 1000, mupeza kuti imalowa malita 108 okha, ndipo mukachotsapo malo a miyala ndi mchenga, madzi enieni sakukwana malita 100. Oscar imodzi yaikulu imafuna malita osachepera 200, ndipo pamene imakhala momasuka ndi pa malita 300. Ziwiri zimafuna malita pafupifupi 450 kapena kuposerapo. Nsombazi zimadya kwambiri ndiponso zimadya mosasamala, zikumalavula zidutswa za chakudya kudzera m'makha, choncho zimaipitsa madzi msanga. Zonyansa zake zimatulutsa ammonia, imene ndi poizoni. M'siponji ya m'fyuluta mumakhala mabakiteriya othandiza amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, imenenso ndi poizoni, kenaka kukhala nitrate, imene siopsa kwambiri koma imaunjikana tsiku ndi tsiku mpaka mutaichotsa posintha madzi. Mukamatsuka siponji pampopi, klorini ya m'madzi a m'mipopi imapha mabakiteriya othandizawo, ndiye kuti mwezi uliwonse nsomba zanu zimayamba zasambira mu ammonia kwa masiku angapo, kenaka zimatsiriza mwezi zili mu nitrate wochuluka. Ukhondo wanuwo, umene mumauchita ndi mtima wabwino, ndi umene ukuzipweteka. Siponji izitsukidwa pofinya mopepuka m'ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thankimo, osati pampopi.

Gulani zoyezera madzi, zimene zimapezeka m'masitolo a ziweto, makamaka zamadzimadzi zothira madontho chifukwa zimanena zoona kuposa timapepala. Ammonia ndi nitrite ziyenera kukhala pa 0 nthawi zonse, ndipo nitrate isapitirire mamiligalamu 40 pa lita. Kwa oscar yodwala ndingakonde ikhale pansi pa 20. Musasinthe madzi onse tsiku limodzi, popeza nsomba imene yakhala nthawi yaitali m'madzi akale imadzidzimuka ikaikidwa mwadzidzidzi m'madzi osiyana kotheratu. Chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi tsiku lililonse kwa sabata imodzi, mukukoka zinyalala za pansi ndi payipi, kenaka muzisintha gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka sabata iliyonse, ndipo poti thanki yanu ndi yaing'ono, kawiri pa sabata kufikira mutapeza yaikulu. Madzi atsopano akhale ofunda mofanana ndi akalewo, pakati pa madigiri 24 ndi 27, ndipo muziyamba mwathiramo mankhwala ochotsa klorini.

Chachitatu ndi chakudya. Chiwindi ndi mtima wa ng'ombe zili ndi mafuta amene thupi la nsomba siligaya bwino, ndipo zilibe zonse zimene oscar imafuna, makamaka vitamini C, amene nsombayi siitha kudzipangira yokha. Kwawo ku Amazon imadya kwambiri tizilombo touluka togwera m'madzi, nkhanu zing'onozing'ono, tinsomba ndi zipatso zakugwa. Chakudya chake cha tsiku ndi tsiku chikhale timibulu tabwino topangira nsomba za cichlid, togulidwa m'mapaketi aang'ono chifukwa mavitamini amatha mphamvu paketi ikakhalitsa yotsekula, ndipo muziwonjezera nyongolotsi za m'dothi, ziwala ndi ngumbi m'nyengo yake, malinga zichokere kumalo kumene sikunapoperedwe mankhwala.

Tsopano za mankhwala. Amoxicillin amapha mabakiteriya, saphako Hexamita, ndipo kumwaza mankhwala otere m'madzi mwachisawawa kumathandiza kuti mabakiteriya asiye kumva mankhwala, vuto limene likukhudzanso anthu. Mankhwala oyenera ndi metronidazole, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Flagyl, ndipo muwapeze kudzera kwa dokotala wa ziweto. Poti nsomba yanu ikudyabe pang'ono, njira yabwino ndi kuwaika m'chakudya, chifukwa tizilomboto tili m'matumbo: mamiligalamu 10 pa galamu iliyonse ya chakudya, kutanthauza kuti piritsi limodzi la mamiligalamu 200 lipere bwino, mulisakanize ndi magalamu 20 a timibulu tonyowetsa pang'ono, muumitse pamthunzi, ndipo muzidyetsa chakudya chimenecho chokha kwa masiku asanu otsatizana. Ikasiyiratu kudya, thirani m'madzi mamiligalamu 5 pa lita, tsiku limodzi kuthira lina kudumpha, mpaka katatu, mukusintha gawo la madzi musanathirenso. Ufawo uyambe wasungunulidwa m'kapu ya madzi ofunda popeza susungunuka msanga, ndipo ngati m'fyuluta muli makala muwachotse chifukwa amayamwa mankhwala. Chilakolako cha chakudya chimabwerera msanga, koma mabowo amatenga milungu kapena miyezi kuti atsekeke, ndipo akuluakulu amasiya zipsera zosatha. Musaweruze ndi zipsera. Muziona ngati mabowo asiya kukula.

FUNSO: M'sabata ya chiperoni magetsi anazima usiku wonse, ndipo m'mawa madzi a m'thanki yanga ya malita 250 anali ozizira kwambiri. Patapita masiku anayi oscar yanga yatuluka timadontho toyera thupi lonse ndi m'zipsepse, ngati yawazidwa mchere. Ikumadzikhula pamiyala ndipo ikupuma mofulumira. Ndinathira mankhwala a buluu kamodzi, timadontho tinachepa, koma tsopano tabweranso tochuluka. M'thankimo mulinso nsomba ina yonyambita galasi. — Mayi wa ku Namiwawa, Blantyre

YANKHO: Mayi, amenewa ndi matenda a timadontho toyera, otchedwa ich, ndipo amayamba ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis. Kuzizira sikulenga kachilomboka, koma kumafooketsa nsomba kotero kuti tizilombo tochepa timene tinalipo kale, kawirikawiri tobisala m'makha, timapeza mpata. Chifukwa chimene timadontho tabwerera chili m'kakhalidwe ka kachilomboka. Kadontho kalikonse ndi kachilombo kamodzi kamene kabisala pansi pa khungu, ndipo kali pamenepo mankhwala sakafika. Kakakhwima kamagwera pansi, kamadzikuta ndi chikuto, n'kugawikana kukhala mazana a ana amene amatuluka akusambira kufunafuna nsomba. Mankhwala amapha ana osambirawa basi. Pamene munaona timadontho tachepa, tizilomboto tinali titangotsikira pansi kukaswana, ndipo mankhwala anu othira kamodzi anali atatha mphamvu ana asanatuluke.

Choncho chithandizo chiyenera kukhala cha masiku ambiri. Kwezani hita yotenthetsera madzi pang'onopang'ono, digiri imodzi pa theka la tsiku, mpaka madzi afike madigiri 29 kapena 30, chifukwa kutentha kumafulumizitsa moyo wa kachilomboka kuti kafike msanga pamene kangaphedwe. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, ndipo nsomba yanu ikupuma kale movutika chifukwa tizilombo tili m'makha, ndiye muwonjezere pampu ya mpweya musanakweze kutenthako. Kenaka thirani mchere wamba wopanda zosakaniza, magalamu 2 pa lita, amene pa thanki yanu ndi theka la kilogalamu, koma muugawe patatu, muzithira m'masiku awiri, mutayamba mwausungunula m'ndowa. Nsomba yonyambita galasi ija, imene ndikuganiza kuti ndi pleco, siipirira mchere ndi mankhwala ngati mmene oscar imachitira, choncho muziyang'anitsitsa, ndipo ikayamba kuvutika muchepetse mcherewo posintha madzi. Musaichotse n'kuiika pamodzi ndi nsomba zina, popeza nayonso yanyamula matendawa ngakhale sikuonetsa.

Ngati mwasankha mankhwala a m'botolo, okhala ndi malachite green ndi formalin ndiwo amphamvu pa kachilomboka, ndipo mutsate ndondomeko yonse yolembedwa pabotolo osadumpha tsiku. Pamenepo kutentha kusapitirire madigiri 28, chifukwa formalin nayo imachepetsa mpweya m'madzi. Njira iliyonse imene mwatenga, pitirizani kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo musasiye pasanathe masiku anayi kuchokera pamene kadontho komaliza kazimirira. Muzikoka zinyalala za pansi masiku awiri alionse, pakuti pamenepo mumachotsanso tizilombo toswana. Mchere suuluka ndi nthunzi, ndiye muzibwezera wolingana ndi madzi amene mwataya okha.

Magetsi akadzazimanso m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kutani thanki ndi mabulangete, muikemo mabotolo otseka bwino a madzi ofunda, ndipo musadyetse nsomba kufikira fyuluta itayambanso kugwira ntchito. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire ndi chinthu chotsika mtengo chimene ndimafuna woweta oscar aliyense kuno kwathu akhale nacho.

FUNSO: Ndinasamutsa miyala ya m'thanki ndi kusintha madzi, ndipo kuyambira pamenepo oscar yanga yagona cham'mbali pansi, yatuwa, ndipo yakana chakudya masiku awiri. Ilibe zilonda kapena timadontho. Kodi ikufa? — Wophunzira wa ku Chipata, Zambia

YANKHO: Mwina ayi, achimwene. Ma oscar amadziwika ndi khalidwe lonyanyala malo awo akasinthidwa, ndipo amatha kugona pansi atatuwa kwa masiku awiri kapena atatu, kenaka n'kudzuka ngati palibe chinachitika. Komabe musangokhulupirira zimenezi musanayeze madzi. Ngati ammonia ndi nitrite zili pa 0, kutentha kuli bwino, munachotsa klorini, ndipo nsombayo ikupuma mwachizolowezi n'kumakutsatani ndi maso, zimitsani nyali ya pathanki ndi kuisiya ipume, osathiramo mankhwala alionse. Oscar yaikulu yathanzi siivulala ndi kusadya masiku ochepa. Koma ikamapuma mofulumira, kapena ikamayasama pamwamba pa madzi, limenelo ndi vuto la madzi, ndipo musinthe theka lake tsiku lomwelo ndi madzi opanda klorini.

FUNSO: Diso limodzi la oscar yanga latupa ndi kutong'oka, ndipo laoneka ngati lachita chifunga. Linalo lili bwinobwino. Ndili nazo ziwiri ndipo zimamenyana kawirikawiri. — Mayi wa ku Johannesburg

YANKHO: Mayi, funso loyamba pa vuto la diso limakhala lakuti latupa limodzi kapena onse awiri. Likakhala limodzi, ndipo nsomba zikumenyana monga mwanenera, nthawi zambiri ndi kuvulala, kaya polumana kapena pogunda mwala kapena hita pothawa. Zisiyanitseni ndi chotchinga, chotsani miyala yakuthwa, ndipo madzi akhale aukhondo kwambiri kuti pabala pasalowe mabakiteriya. Mchere wa Epsom, umene umagulitsidwa m'mafamase, umathandiza kuphwetsa chotupa: supuni yaing'ono imodzi pa malita 20 alionse, makamaka m'thanki yapadera ya odwala. Umenewu ndi wosiyana ndi mchere wa m'ndiwo, ndipo wina sungalowe m'malo mwa unzake. Diso lotere limaphwa m'sabata ziwiri kapena zitatu, ngakhale nthawi zina limatsala losaona, ndipo oscar ya diso limodzi imakhala bwinobwino. Maso onse awiri akatupa, makamaka pamodzi ndi mimba, vuto limakhala la m'kati mwa thupi, ndipo pamenepo pafunika dokotala wa ziweto kuti asankhe mankhwala opha mabakiteriya oika m'chakudya.

FUNSO: Oscar yanga ya zaka zisanu ndi zinayi yatupa mimba, mamba ake aimirira ngati khungu la chinanazi, ndipo yatha sabata osadya. Ndinkaidyetsa tinsomba tamoyo timene ana amagwira mumtsinje. Sindikufuna kuiona ikuvutika. Ndaganiza zokaitaya m'nyanja kuti mwina ikachira m'madzi achilengedwe. — Bambo wa ku Salima

YANKHO: Bambo, pepani kwambiri, chifukwa zaka zisanu ndi zinayi ndi nthawi yaitali yokhala ndi chiweto, ndipo sindikubisirani kuti mamba akaimirira chotero chiyembekezo chimakhala chochepa. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti impso kapena ziwalo zina za m'kati zalephera kutulutsa madzi m'thupi, kaya chifukwa cha mabakiteriya, ukalamba kapena chotupa. Nsomba imene yangotupa mimba mamba ali chigonere, ikusambira bwino, mwina yangodzimbidwa, ndipo imeneyo imachira poisalitsa kudya masiku atatu kenaka n'kuipatsa nsawawa zobiriwira zophika zochotsa khungu. Yanu yapitirira pamenepo. Mukhoza kuyesa kwa masiku ochepa madzi aukhondo ofunda ndi mchere wa Epsom pamlingo umene ndatchula pamwambapa, mukufunsanso dokotala wa ziweto, koma poti siikudya, mankhwala ndi ovuta kuwafikitsa pamene pali vuto.

Tinsomba tamoyo ta mumtsinje timabweretsa nyongolotsi za m'mimba, tizilombo ta m'makha ndi matenda ena, ndipo tikumbuke kuti m'chaka cha 2020 matenda a zilonda za nsomba anabuka m'boma la Mchinji. Mukamagwira m'madzi a nsomba yodwala chotere muvale magolovesi, makamaka ngati muli ndi bala m'manja, chifukwa alipo mabakiteriya a nsomba, monga Mycobacterium marinum, amene amayambitsa zotupa zosapola msanga pakhungu la munthu.

Za kukaitaya m'nyanja, ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musachite. Siikachira, koma ikafa pang'onopang'ono, ndipo ikasiya matenda ake pakati pa nsomba za banja lake lomwe. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya cichlid imene siipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake malo osungirako zachilengedwe a kummwera kwa nyanjayi analowa m'kaundula wa UNESCO m'chaka cha 1984. Ngakhale oscar yathanzi siyenera kuponyedwa mumtsinje kapena m'damu. Ku Florida, m'dziko la America, nsomba zomwezi zinalowa m'ngalande, zinaswana, ndipo zilipo mpaka lero.

Ngati pakatha masiku ochepawo siikusintha, njira yachifundo ndi mafuta a clove, amene amapezeka m'mafamase chifukwa anthu amawagwiritsa ntchito dzino likamawawa. Ikani nsombayo m'ndowa ya malita 10 a madzi a m'thanki yake. Sakanizani mamililita 4 kapena 5 a mafutawo ndi madzi ofunda m'kabotolo, mukhutchumule mpaka ayere ngati mkaka, ndipo muyambe kuthira pang'ono chabe kuti nsomba igone tulo, kenaka muthire otsalawo m'mphindi zisanu. Isiyeni m'menemo kwa mphindi zosachepera 30 kuchokera pamene makha asiya kugwedezeka. Mukatero ikwirireni mozama pamalo akutali ndi madzi, kumene agalu ndi amphaka sangafukule, ndipo thanki, ukonde ndi payipi muzitsuke ndi kuziumitsa kotheratu padzuwa musanaikemo nsomba ina.